Timbale ta vinyo ta agogo tayamba kufiira ngati kopa: ndi feki kapena ndi takale zenizeni?

Funso lachokera kwa mayi ena a ku Bvumbwe, ndalifupikitsa pang'ono: "Agogo anga aamuna anali khukhi wa mzungu wina ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndiye pomwe mzunguyo amabwerera kwawo cha m'ma 1960 anawasiyira katundu wina wa patebulo. Pa katunduyo pali timbale titatu tozungulira, m'mbali mwake chitsulo chooneka ngati siliva, pansi pake thabwa. Tiwiri ndi tofanana, tili ndi masamba ndi mphesa pamlomo, koma tayamba kufiira ngati kopa ndipo tilibe chidindo chilichonse. Kachitatu nkowala bwino, kali ndi tizidindo tinayi ndi malemba oti EPNS A1. Ena akuti tofiirato ndi feki ndingogulitsa kwa ogula zitsulo, ena akuti ndikakutitse siliva wina ku Joni. Nanga kowalako kangagulidwe ndalama zingati?"

Amayi, ndisanalowe mu nkhani yonse ndikupempheni kaye, timbale tiwiri tofiirato musapereke kwa wa sikelo, musatikwechenso ndi chilichonse, ndipo zopita nato ku Joni kukakutitsa siliva muziiwale kaye. Ine ndakhala ndikugwira katundu wa siliva wakale kuno ku England kwa zaka zambiri ndithu, ndipo mmene mwafotokozeramu mtima wanga uli pa tofiirato osati kowalako. Mu ntchito imeneyi nthawi zambiri chinthu chowala chodzadza ndi zidindo ndi chimene chimakhala chotchipa, pomwe chooneka chotopa chopanda dzina lililonse nkumapezeka kuti ndiye chakale zenizeni. Sindikulonjezani kuti zili choncho ndisanatione, koma ndikuuzani zoti muyang'ane nokha pakhomo pompo ndipo pomaliza mudziwa bwino kuposa onse akukulangizaniwo.

Timbale timeneti azungu amati wine coaster, ena amati decanter stand. Tinayamba kuoneka ku England cha m'ma 1760. Mwambo wa anthu olemera nthawi imeneyo unali woti akatha kudya nsalu ya patebulo imachotsedwa, antchito nkutuluka, ndiye mabwana amatsala okha akumwa vinyo nkumakankhirana botolo patebulo lopukutidwa bwino. Botolo lagalasi likanakanda tebulo komanso kudonthezera, nchifukwa chake analiika mu kambale kokhala ndi thabwa pansi, kunsi kwa thabwalo nkumatako nsalu yobiriwira ngati ya pa tebulo la pool ija kuti kazitsetsereka bwino. Mutembenuze tanuto muone, mwina nsaluyo ikadalipo, mwina kwangotsala zipsera za guluu. Ndipo timapangidwa tiwiritiwiri kapena tinayi, kamodzi kokha kawirikawiri ndiye kuti anzake anasochera. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako pa nkhani ya mtengo.

Choyamba tichotse kaye nkhani ya siliva weniweni. Katundu wa siliva yekhayekha wa ku England lamulo limafuna kuti ayesedwe ku ofesi yoyesera ndipo amadindidwa zizindikiro zodziwika. Chachikulu ndi kamkango koyenda katakweza mwendo umodzi wakutsogolo, kameneko kamatanthauza magawo 925 a siliva pa 1000. Pambali pake pamakhala chizindikiro cha mzinda, mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu ndi Sheffield wakale, kenako chilembo chimodzi chosonyeza chaka ndi zilembo za dzina la wopanga. Kuyambira 1784 mpaka 1890 amawonjezeranso mutu wa mfumu kapena mfumukazi kusonyeza kuti msonkho walipiridwa. Pa coaster zimenezi zimakonda kubisala m'munsi mwa khoma pafupi ndi thabwa, nde muyang'ane ndi kamera ya foni mutaikulitsa. Ngati kamkango kulibe, ndipo kopa akuonekera, basi si siliva yekhayekha, ndi wokutira. Apa musakhumudwe, chifukwa wokutirayo alipo mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ndipo nkhani yanu yonse yagona pamenepo.

Tiyambe ndi kowalako poti nkosavuta. EPNS ndi chidule cha mawu akuti electroplated nickel silver. Dzinalo limapusitsa anthu ambiri chifukwa mu nickel silver mulibe siliva olo pang'ono, ndi kopa wosakaniza ndi nickel ndi zinki, amangooneka woyererako. Chinthucho chimapangidwa chonse kaye, kenako amachiviika mu thanki ya mankhwala nkudutsitsamo magetsi, siliva nkumamatirira pamwamba, woonda kuposa tsitsi la munthu. Njira imeneyi anaitengera chiphaso mu 1840 ndi George Richards Elkington ndi msuweni wake Henry ku Birmingham, mothandizidwa ndi zomwe anapeza dokotala wina dzina lake John Wright. Kotero chilichonse cholembedwa EPNS sichingakhale cha 1840 isanafike, ndipo zambiri zomwe ndimaziona ndi za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1900. A1 uja ndi wopanga yemwe akudzichemerera kuti siliva wake ndi wokhuthala, palibe ofesi ya boma yomwe inamuyeza. Tizidindo tinayi mwationato anatipanga dala kuti munthu akaona patali aziyesa ndi zidindo za siliva weniweni, tikhoza kukhala zilembo zokhotakhota zachikale chilichonse mu kabokosi kake, koma mukaziwerenga bwino mupeza kuti ndi dzina la kampani chabe kapenanso E, P, N, S yemweyo.

Komabe kali ndi mbiri yake ndipo mukhoza kukayerekeza zaka. Mukaona kambendera kokhala ndi W&H ndiye kuti ndi Walker & Hall a ku Sheffield, lipenga lokhala ndi kansalu ndi James Dixon & Sons, mawu oti Prince's Plate ndi Mappin & Webb. A Elkington anali ndi zilembo zawozawo za chaka kotero katundu wawo amadziwika chaka chenicheni. Mawu oti England okha nthawi zambiri amaloza 1891 kupita mtsogolo, chifukwa kuyambira pamenepo America inkafuna kuti katundu wolowa alembedwe dziko lochokera, pomwe Made in England ndi wa m'ma 1900. Kachizindikiro kooneka ngati dayamondi ya pa makadi kokhala ndi Rd pakati ndi ka 1842 mpaka 1883, ndipo Rd No yotsatana ndi manambala inayamba 1884. Pakakhala EPBM ndiye kuti mkati ndi chitsulo chofewa cha tini, chotchipa kuposanso EPNS. Ndipo pali zambirimbiri zatsopano zolembedwa EPNS zochokera ku India makamaka ku Moradabad, zopepuka, thabwa lake loyera lopakidwa vanishi, zimenezo mtengo wake ndi wa mu shopu basi.

Tsopano tofiirato. Magetsi asanabwere panali njira ina yokutira siliva yomwe lero timati Old Sheffield Plate. Anaitulukira ndi Thomas Boulsover, mmisiri wa mipeni wa ku Sheffield, cha m'ma 1743. Amatenga chigulu cha kopa chooneka ngati njerwa yaying'ono, nkusanjikapo chipepala chokhuthala cha siliva wa 925, kumanga ndi waya, kuika mu ng'anjo mpaka ziwirizo zitagwirana, kenako kuzidutsitsa pa makina opsinja mpaka zitasanduka chipepala chimodzi chopyapyala, kopa mkati siliva pamwamba. Boulsover anayamba ndi mabatani, kenako Joseph Hancock ndi ena anayamba kupanga ziwiya zikuluzikulu, ndipo Matthew Boulton ku fakitale yake ya Soho ku Birmingham anaifikitsa patali kwambiri. Kusiyana kwake ndi kwakuti apa siliva amayamba kumatidwa chinthu chisanapangidwe, ndiye mmisiri amadula, kupinda ndi kulumikiza chipepala chokutidwa kale, ndipo paliponse wadula kopa amaonekera, amayenera kumubisa ndi manja. Kubisako ndi komwe kumatisiyira umboni lero. Ntchito imeneyi inatha mphamvu magetsi atabwera, pofika m'ma 1850 inali itangotsala pang'ono kuzimiririka, kotero ngati tanuto tili ta mtundu umenewu ndiye kuti tadutsa zaka 170.

Chitani chonchi, mmawa kukawala mukhale pakhonde mutayala nsalu pamiyendo. Mutenge kambale kamodzi muyendetse chikhadabo kunsi kwa mlomo, pomwe masamba ndi mphesa zija zathera. Pa Old Sheffield Plate chikhadabo chimakodwa pa kamlomo kakang'ono kwambiri, ngati mpendero wa nsalu, chifukwa siliva wa pamwamba amamupindira kunsi kapena amamatapo kawaya ka siliva kuti abise kopa wa m'mphepete. Cha magetsi chimakhala chosalala, chikhadabo chimangodutsa osamva kanthu.

Kenako mufufuze msoko. Khoma la coaster amalipanga ndi lamba wa chipepala chija wopindidwa kukhala mkombero, nde penapake mapeto awiri anakumana. Muzungulize pang'onopang'ono pa dzuwa, muuzire mpweya wa mkamwa ngati mukufuna kupukuta magalasi a maso, mudzaona kamzere koima kuchoka pamlomo kufika pansi, nthawi zina kolowanalowana ngati mano. Magetsi amakuta chilichonse ndi siliva mmodzi kotero msoko umabisika. Kwa ine msoko ndi mboni yaikulu kuposa kufiira, ndipo ndikuuzani chifukwa chake posachedwapa.

Mpweya womwewo muuzirenso pamalo pomwe pali chizindikiro cha banja kapena zilembo zozokotedwa ngati zilipo. Kuzokota pa chipepala chokutira kukanaboola siliva nkufika pa kopa, ndiye amisiri ankaikapo chigamba cha siliva wokhuthala pamalo pokhapo. Nthunzi ya mkamwa ikagwa, malire a chigambacho amaonekera kwa kamphindi, kabwalo kapena kabokosi kotuwa mosiyana ndi kwina. Pa ma coaster ambiri chizindikirocho chimakhala pa kabatani kachitsulo kali pakati pa thabwa, nde mwina chigamba simuchipeza, zimenezo si vuto.

Masamba ndi mphesa zija nazo zimayankhula. Ankazidinda pa siliva wopyapyala kwambiri, kumbuyo nkuthiramo mtovu wosakaniza ndi tini kuti zilimbe, kenako nkuzimata pamlomo. Ndiye pa kambale kakale komwe kapukutidwa zaka zambiri, pansonga za mphesa pamaoneka timadontho totuwa ngati phulusa, umenewo ndi mtovu ukusuzumira, pomwe khoma losalala likufiira kopa. Mukapeza mitundu iwiriyo pa kambale kamodzi, kutuwa pa zokongoletsa ndi kufiira pa khoma, ine ndimayamba kumwetulira. Ngati mphesazo zikufiira kapena kuoneka zachikasu zonse ndiye kuti anaziumba ndi chitsulo china nkuziviika mu thanki. Mtundu wa siliva weniweniwo umasiyananso, wakale amawala mofatsa mokhala ngati muli kabuluu pang'ono, wa magetsi ndi woyera mbee wolasa m'maso. Poti muli ndi kowala kaja pafupi, mutiike pamodzi mufananize, maso anu aona okha.

Chifukwa chomwe ndikulimbikira msoko ndi mlomo ndi ichi. Anthu atayamba kukonda Old Sheffield Plate ngati katundu wakale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makampani anayamba kupanga zotengera, maonekedwe omwewo, mphesa zomwezo, koma siliva wa magetsi pa kopa. Zina anazipanga moona mtima nkuzidinda dzina lawo, monga a Barker Brothers a ku Birmingham, ndipo ndi katundu wabwino ndithu, koma zikatha nazonso zimafiira chimodzimodzi. Ine zinandichitikira ndikuyamba kumene ntchitoyi. Ndinali pa msika waukulu wa zinthu zakale mmawa kwambiri kukuzizira, ndinaona ma coaster awiri okongola ofiira m'mbali, wogulitsa nkundiuza kuti ndi akale zenizeni a nthawi ya mfumu George III, ine poona kopa uja ndinatulutsa ndalama zomwe ndinasungira lendi osayendetsa nkomwe chikhadabo. Nditafika nawo kwa bambo wina wachikulire amene amandiphunzitsa, anangowatembenuza kamodzi, kuuzira mpweya, nkundipatsa kuti ndipeze ndekha msoko. Ndinazunguliza mpaka manja kutopa, kunalibe. Anali a m'ma 1900, ndipo ndinawagulitsa motaya. Zinandipweteka kwa miyezi, mpaka lero sindigula kanthu ndisanamve kamlomo kaja ndi chala changa. Ndiye inunso kufiira kokha kusakukwanireni. Ndipo mukaona mawu odindidwa oti Sheffield Plate, Sheffield Reproduction kapena Silver on Copper, dziwani kuti si chakale chija, amisiri akalewo sankalemba mawu amenewo pa katundu wawo.

Zoti tilibe chidindo zisakudetseni nkhawa, katundu wambiri wa Old Sheffield Plate alibe chidindo ndipo ma coaster ndiye makamaka. Lamulo la 1784 linalola opanga kulembetsa zizindikiro zawo ku ofesi ya ku Sheffield koma si onse ankadinda. Komabe musuzumire bwino m'munsi mwa khoma, mukapeza tidzuwa tiwiri togundizana ameneyo ndi Matthew Boulton ndipo mtengo umakwera. Mivi yopingasa ndi a Creswick, belu ndi a Roberts ndi anzawo, makiyi opingasa ndi Henry Wilkinson. Koma apanso chenjerani, zina mwa zizindikirozi makampani otsatira anapitiriza kuzigwiritsa ntchito pa katundu wa magetsi, mwachitsanzo mivi ija inadzapita kwa William Hutton & Sons, kotero chidindo chiyenera kugwirizana ndi msoko ndi mlomo.

Maonekedwe nawo amathandiza kuyerekeza zaka. Oyambirira, a m'ma 1770 mpaka 1790, ndi aang'ono, pafupifupi masentimita 12 kapena 13 m'mimba mwake, khoma loima chilili loboolaboola ngati lesi, mlomo wa timikanda ting'onoting'ono. Kuboolako sankachita ndi sowo chifukwa kopa akanaonekera, ankagwiritsa ntchito chidindo chomwe podula chimakokera siliva m'bowomo. Itadutsa 1800 mabotolo agalasi othiramo vinyo anayamba kukhala otakata pansi, ma coaster nawo anakula kufika masentimita 15 kapena kuposa, khoma nkuyamba kufutukira kunja, mlomo wooneka ngati chingwe chopota, zigoba za nkhono, kenako masamba a mpesa ndi mphesa zomwe zinatchuka kwambiri kuyambira m'ma 1810 mpaka m'ma 1830. Mmene mwafotokozera tanuto tikugwera pamenepo ngati tili tenitenidi, kungoti mphesa ndi zomwenso otengera aja ankazikonda kwambiri.

Thabwa musalinyoze. Lakale limakhala lakuda bii ndi ukalamba, kawirikawiri mahogany, m'bale wake wa mbawa yathu ija koma nthawi imeneyo amachokera ku Jamaica ndi Honduras. Lili ndi mizere yozungulira yomwe anaipala pa makina ozunguza, madontho akale a vinyo, ndipo poti thabwa limafota mbali imodzi mukaliyeza bwino silikhalanso lozungulira ndendende, pena limagwedera pang'ono mu chitsulo. Zimenezo ndi zabwino. Thabwa loyera lonyezimira vanishi, kapena la pulayiwudi, ndiye kuti linasinthidwa kapena kambale konse nkatsopano. Zomangira za masiku ano kapena guluu woyera ndi chizindikiro choti wina anakonzapo.

Tifike pa ndalama, poti ndi zomwe mwafunsa. Sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chabodza ngati mphekesera zija zoti nsimbi zakale za makala ndi makobidi a atsamunda zimagulidwa mamiliyoni. Katundu wokutira siliva mtengo wake unatsika kuno, achinyamata safuna zopukutapukuta. Mwayi wake ma coaster ndi amodzi mwa zinthu zochepa zomwe zikuyendabe malonda chifukwa anthu amawagwiritsabe ntchito patebulo. Kowala ka EPNS kaja, kali kokha, ndimakaona kakupita pa mapaundi ochepa, kakakhala ka kampani yodziwika komanso kosatha mwina makumi awiri kapena atatu. Awiri ofanana a magetsi a nthawi ya mfumukazi Victoria abwinobwino amafika makumi angapo, pena kudutsa 100. Awiri ofanana a Old Sheffield Plate osawonongeka ndiye timakamba za mapaundi oyambira cha pa 100 kukafika mazana angapo, akakhala a Boulton kapena anayi ofanana amapitirira. A siliva yekhayekha a nthawi yomweyo ndi masauzande, ndipo a mmisiri wotchuka wa siliva ngati Paul Storr ndi nkhani ina. Awa ndi mayerekezo anga kuchokera pa zomwe ndimaona, msika umasinthasintha.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi choti chinthu chimodzi chimakhala ndi mitengo itatu. Pali mtengo womwe shopu yapamwamba ya ku London imalemba, pali womwe chimagulidwa pa okushoni, ndiye pali womwe wogula kuti akagulitsenso angakupatseni m'manja, ndipo woyambawo ukhoza kuposa womalizawo katatu kapena kanayi. Mukalowa pa intaneti musatengeke ndi mitengo yomwe anthu akuitanira, aliyense akhoza kulemba chomwe wafuna. Pa eBay musankhe zomwe zinagulidwa kale, ndipo muonenso zotsatira za ma okushoni, pamenepo ndi pomwe pali zoona. Mukumbukirenso kuti a okushoni amadula gawo lawo kwa wogulitsa, ndipo positi yochoka kumudzi kufika kuno ikhoza kudya phindu lonse la kowala kaja. Kameneko ine ndikanangokasunga nkumaikapo botolo la sobo alendo akabwera.

Pa tiwiri tija zinthu zomwe zimakweza kapena kugwetsa mtengo ndi izi. Kukhala tiwiri tofanana ndi nkhani yaikulu, mukatisiyanitsa kuti kena kapite kwa achemwali kena kwa achimwene ndiye kuti mwataya ndalama zambiri, chifukwa awiri pamodzi amagulidwa kuposa kuphatikiza mitengo ya kamodzikamodzi. Mutsimikizenso kuti ndi tofananadi, muyeze kutalika, muwerenge mphesa, muone ngati matabwa ndi mabatani akufanana. Kufiira pang'ono m'malo okwera ogula amakukonda, kumapatsa mtundu wofunda womwe anthu amaufuna, koma khoma lonse likakhala kopa siliva atatheratu mtengo umatsika kwambiri. Masamba othothoka, mabowo pomwe mtovu unatuluka, khoma lophwanyika, thabwa losweka kapena lofumbwa, zonsezi zimachotsera.

Nanga kukutitsa siliva wina? Pa EPNS palibe vuto lalikulu kungoti ndalama yolipira ikhoza kuposa mtengo wa kambaleko. Koma pa Old Sheffield Plate ndi kuwononga. Mukatiika mu thanki siliva watsopano akwirira msoko, akwirira kamlomo, mtundu wofatsa uja usanduka woyera mbee, ndipo chomwe chinali ntchito ya manja ya zaka pafupifupi 200 chisanduka chimodzimodzi ndi zotengera zija. Sizibwereranso. Osonkhanitsa zinthu zakale akaona kuti chinaviikidwa amangodutsa. Wa sikelo naye akupatsani ya kopa wa magalamu ochepa, siliva wake ndi wochepa kwambiri moti palibe amene angavutike kumuchotsa. Ndipo wina asakuuzeni zopala ndi fayilo nkudonthezapo asidi kuti ayese, chipsera chake sichichoka, pomwe kopa akuonekera kale palibe choyesa. Maginito nawonso sathandiza kwenikweni, siliva, kopa ndi nickel silver zonse sizikoka, akangokoka ndiye kuti muli chitsulo wamba.

Pa kasamalidwe ndiyankhule mosabisa poti ndikudziwa mmene timatsukira ziwiya kwathu. Phulusa, mchenga, Vim, waya wotsukira mapoto, Brasso, mandimu ndi mchere, zonsezi zisayandikire. Ndikukhulupirira kuti kufiira kwina mukuonako kunabwera ndi chikondi cha anthu ofuna kuti tiziwala, agogo anu ali pantchito ayenera kuti ankatipukuta sabata iliyonse, ndipo kupukuta kulikonse kumachotsa kasiliva pang'ono. Musativiike m'madzi, thabwa limatupa nkusweka kapena kukankha chitsulo mpaka msoko kutseguka. Kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi sopo wosalimba, kupukuta chitsulo chokha, kuumitsa nthawi yomweyo, basi. Ngati mungapeze polishi wa siliva weniweni mugwiritse ntchito pang'ono kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo kuda komwe kuli m'mipata ya masamba mukusiye, ndi komwe kumaonetsa maluwawo. Njira ija ya madzi otentha, soda ndi pepala la aluminiyamu yomwe imayenda pa Facebook si ya zinthu zokhala ndi thabwa ndi mtovu. Thabwa mulipake phula la njuchi pang'ono. Posunga mukulunge mu nsalu ya thonje yoyera, osati nyuzipepala, osamanga ndi mphira chifukwa mphira umadetsa siliva, ndipo nyengo ya mvula ya ku Thyolo ija muzitiyang'ana kuti nkhungu ndi chiswe zisalowe.

Kanthu kena kofunika, muyang'ane kabatani ka pakati pa thabwa. Kambiri kamakhala kachitsulo koma pa ma coaster ena ndi koyera ka mnyanga wa njovu. Kakakhala kotero musatitumize kunja kapena kukwera nato basi ya ku Joni musanafunse a zanyama zakutchire, malamulo a minyanga ndi okhwima kwathu, ndipo kuno ku Britain lamulo la 2018 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022 limaletsa kugulitsa zinthu za mnyanga pokhapokha zitalembetsedwa mwapadera.

Mukafuna kugulitsa, kumudzi ogula odziwa mtengo wa zimenezi ndi ochepa, msika weniweni wapafupi ndi Johannesburg ndi Cape Town komwe kuli nyumba za okushoni za zinthu zakale, ndipo zambiri zimakuuzani mtengo woyerekeza mukatumiza zithunzi, osalipira. Mutumize kwa awiri kapena atatu mufananize, ndipo amene akukukakamizani kuti mugulitse lero lomwe mumukayikire. Ngati kuli agogo aakazi kapena azakhali omwe akukumbukira dzina la esiteti, dzina la bwanayo ndi chaka chomwe anachoka, mulembe papepala musunge limodzi ndi timbaleto, chifukwa pakabatani pakakhala chizindikiro cha banja nthawi zina chimatheka kuchilondola mpaka kudziwa kuti tinachokera nyumba iti ku England kapena ku Scotland tisanakwere sitima kubwera ku Nyasaland.

Munditumizire zithunzi zojambula panja pamthunzi opanda flash: chimodzi cha pamwamba tiwiri tonse tili pamodzi ndi rula pambali, china cha kunsi, china chapafupi kwambiri cha kunsi kwa mlomo, china cha pomwe mukuganiza kuti pali msoko, ndi china cha nsonga za mphesa. Cha tizidindo ta kowala kaja mujambulenso, ndikuuzani kampani yake. Ndipo mundiuze ngati chikhadabo chinakodwa.